Biertan: mudzi wa malinga atatu ndi anthu amene adakhala kunja kwake

Msewu waukulu wochokera ku Mediaș kupita ku Sighișoara, m'chigawo cha Transylvania m'dziko la Romania, umatsata mtsinje wa Târnava Mare, ndipo ukafika pamudzi wa Șaroș pali mphambano yokhotera kumwera. Kuchoka pamenepo ndi mtunda wosakwana makilomita 10, pamsewu wopapatiza wodutsa pakati pa minda ya chimanga ndi zitunda za udzu, kufikira pamene chigwa chimatseguka n'kukuonetsa tchalitchi chachikulu cha denga lofiira chili pamwamba pa kaphiri pakati penipeni pa mudzi, chitazingidwa ndi malinga atatu ndi nsanja zake. Mudziwo Aromaniya amautcha Biertan, Ajeremani amati Birthälm, ndipo Ahangare amati Berethalom. Ndidafikako masana ena m'mwezi wa Sepitembala, ndili ndi mnzanga wa ku Sibiu amene ankanditanthauzira zolankhula za anthu.

Tisanakwere kutchalitchi tidayamba tayenda m'misewu. Nyumba za ku Biertan zidamangidwa mothithikana, iliyonse italozetsa khoma lake lopapatiza kumsewu, ndipo pakati pa nyumba ndi inzake pali chipata chachitali cha njerwa ndi matabwa, moti wodutsa sangaone zimene zikuchitika pabwalo la mkati. Pamakoma ambiri, m'munsi mwa denga, padalembedwa chaka chimene nyumbayo idamangidwa kapena kukonzedwa pamodzi ndi dzina la mwini wake, ndipo maina ochuluka ndi a Chijeremani. Koma agogo amene adakhala pamabenchi kunja kwa zipatazo ankacheza m'Chiromaniya, ana amene ankathamangitsana pafupi ndi sitolo ankakuwa m'Chiromaniya, ndipo bambo wina amene adatidutsa pangolo yokokedwa ndi hatchi, itadzaza udzu wouma, adali wa mtundu wa Aromi. Amene dzina lake lili pakhoma ndi wina, amene amagona m'nyumbamo ndi winanso. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikufunitsitsa kumvetsa kuti zidayenda bwanji kuti zifike pamenepa.

Pa kayendetsedwe ka boma, Biertan ndi dzina la dera lonse. Ku Romania gawo laling'ono kwambiri la boma kumidzi limatchedwa comună, ndipo limakhala mudzi umodzi kapena midzi ingapo yoyandikana yokhala ndi meya mmodzi ndi khonsolo imodzi, onse osankhidwa pachisankho. Dziko lonse lili ndi magawo otere oposa 2,800. Gawo la Biertan lili m'boma la Sibiu ndipo muli midzi itatu, womwe ndi Biertan weniweniyo, Richiș ndi Copșa Mare, ndipo iwiri yotsirizayi nayonso ili ndi maina ake a Chijeremani, Reichesdorf ndi Großkopisch. Kalembera wa mu 2011 adapeza anthu pafupifupi 2,600 m'midzi itatuyi. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 74 adadzitchula kuti ndi Aromaniya, 18 adati ndi Aromi, Ajeremani sadakwane 5, ndipo Ahangare sadakwane 4.

Ndiyenera kufotokoza dzina lakuti Aromi, chifukwa m'Chichewa tikangoti Aroma maganizo amathamangira kwa Aroma a m'Baibulo kapena ku mpingo wa Katolika. Anthu amene ndikunenawa ndi mtundu wina kotheratu, umene makolo ake adachokera kumpoto kwa India zaka mazana ambiri zapitazo n'kufalikira mu Ulaya yense. M'Chiromaniya dzina lawo laulemu ndi romi, ndipo ndi limene ndatengera pano. Lilipo dzina lina limene anthu ambiri amawaitanira, koma ambiri mwa iwo amalimva ngati chipongwe, choncho sindiligwiritsa ntchito.

Ajeremani a kumeneko amadziwika ndi dzina lakuti Asakisoni a ku Transylvania. Makolo awo adayamba kufika m'zaka za m'ma 1100, ataitanidwa ndi mfumu ya ku Hungary, Géza II, amene adalamulira kuyambira mu 1141 mpaka 1162 ndipo ankafuna anthu oti alime ndi kulondera malire a kummawa kwa ufumu wake. Ambiri sadachokere ku Saxony monga dzinalo likumvekera, koma kumadera a mitsinje ya Moselle ndi Rhine, ku Luxembourg ndi ku Flanders, ndipo mpaka lero chilankhulo chawo cha pakhomo chimafanana kwambiri ndi cha ku Luxembourg. Mu 1224 mfumu Andrew II adawapatsa chikalata chotchedwa Andreanum, chimene chidawalola kudzisankhira oweruza ndi ansembe awo ndiponso kukhala pansi pa mfumu yokha popanda mwini malo wina pakati, malinga ngati ankapereka msonkho wa chaka ndi chaka ndi asilikali pa nthawi ya nkhondo. Ufuluwu udayambira m'dera la Sibiu, ndipo pambuyo pake udafikanso ku dera la Mediaș kumene kuli Biertan. Dzina la mudziwu lidalembedwa koyamba m'chikalata cha mu 1283. Pa nthawi imene alimi ambiri a ku Ulaya adali ngati katundu wa eni minda, osaloledwa kusamuka popanda chilolezo, alimi a ku Biertan adali mfulu, ndipo pafupifupi zonse za mbiri yawo zidamera pa ufulu umenewu.

Malinga adabwera chifukwa cha mantha. Amongoli adasakaza Transylvania mu 1241, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1420 asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey ankalowa kawirikawiri, kutentha midzi ndi kutenga anthu ukapolo. Mudzi wa alimi sukadatha kudzizinga wonse ndi khoma monga mzinda, choncho Asakisoni adasankha kuzinga tchalitchi, kuti mdani akamveka aliyense athawiremo ndi ana, mbewu ndi nyama yofutsa. Matchalitchi a malinga otere adatsala pafupifupi 150 mu Transylvania. Cha ku Biertan chidamangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 n'kutha cha m'ma 1524, pa nthawi imene mudziwu udali ndi msika, amisiri a ntchito zosiyanasiyana ndi minda ya mpesa yotchuka, ndipo unkalimbirana ndi Mediaș udindo wokhala likulu la deralo. Mediaș ndiye adapambana n'kukula kukhala mzinda. Biertan adatsala mudzi, koma wokhala ndi tchalitchi choyenera mzinda.

Pokwera kumeneko umadzera pa makwerero aatali a matabwa okhala ndi denga, ochokera pabwalo la msika, ndipo umamva fungo la thabwa lakale pamene mapazi akugunda. Mkati mwa tchalitchi muli guwa lalitali la zithunzi 28 zojambulidwa pamatabwa, koma ine chimene chidandiimitsa nthawi yaitali ndi chitseko cha chipinda chosungiramo ziwiya zopatulika, chopangidwa mu 1515. Kunja kwake n'chokongoletsedwa ndi timatabwa ta mitundu yosiyana tolumikizidwa mwaluso, koma ukachiona kumbuyo umapeza chitsulo chokhachokha: mipiringidzo 19 yolumikizana ndi timikono ndi timawilo, imene imalowa m'khoma mbali zonse nthawi imodzi. Mmisiri amene adasula loko ameneyu ankadziwa kuti kuseri kwake kukhala chuma cha mudzi wonse. Ndidayang'anitsitsa mmene chitsulo chilichonse chimakankhira chinzake, ndipo ndidaona kuti anthu amenewa luso lawo lonse adaliika pa kutseka bwino.

M'zaka za m'ma 1540 Asakisoni adalandira chiphunzitso cha Luther, motsogozedwa ndi Johannes Honterus wa ku Brașov, ndipo kuyambira pamenepo kukhala Msakisoni ndi kukhala wa mpingo wa Lutheran zidasanduka chinthu chimodzi. Mu 1572 mbusa wa ku Biertan, Lukas Unglerus, adasankhidwa kukhala bishopu, ndipo mpando wa bishopu udakhala m'mudziwu zaka pafupifupi 300, mpaka mu 1867 pamene udasamutsidwira ku Sibiu. Miyala ya pamanda a mabishopu angapo idasungidwa mu imodzi mwa nsanja za linga, ndipo nsanja ina idasiyidwira anthu ochepa amene adakhalabe Akatolika. M'lingamo mulinso kachipinda kamene alendo amakakonda kwambiri. Anthu a kumeneko amasimba kuti mwamuna ndi mkazi akafuna kulekana ankawatsekera m'menemo kwa masabata angapo ali ndi bedi limodzi, tebulo limodzi, mbale imodzi ndi supuni imodzi, ndipo amati pa zaka 300 banja limodzi lokha ndi limene lidatha. Kwathu ntchito imeneyi ndi ya ankhoswe, amene amakhala pansi n'kumva mbali zonse ziwiri. Ku Biertan mpingo ndiwo udali nkhoswe, ndipo chifukwa chimodzi chimene banja silinkayenera kutha chidali chakuti likatha munda ndi nyumba zinkagawika.

Chimene chidagwira mudzi wa Asakisoni koposa malinga a miyala ndi bungwe la anansi lotchedwa Nachbarschaft. Msewu uliwonse kapena chigawo chilichonse cha mudzi chinkakhala ndi bungwe lake, lotsogozedwa ndi bambo wosankhidwa wotchedwa Nachbarvater, kutanthauza tate wa anansi. Wina akamamanga nyumba kapena nkhokwe, anansi onse ankabwera kudzagwira ntchito. Kukagwa maliro, iwo ndi amene ankakumba manda ndi kunyamula bokosi, ndipo wojomba ankalipira chindapusa. Uthenga unkayenda ndi kathabwa kosemedwa kamene kankaperekedwa khomo ndi khomo, ndipo wolandira ankayenera kukapititsa kwa mnansi wake nthawi yomweyo. Kamodzi pachaka kunkakhala tsiku la milandu, pamene okangana ankayanjanitsidwa ndi ndalama za bungwe kuwerengedwa poyera. Aliyense amene adakulira pamudzi pamene mfumu imaletsa kupita kumunda tsiku la maliro adziwa kukoma kwa dongosolo lotere. Koma bungweli lidali la Asakisoni okhaokha, ndipo mwa ntchito zake padalinso kuonetsetsa kuti nyumba ya pakati pa mudzi isagulitsidwe kwa munthu wa mtundu wina.

Apa ndi pamene mbiri imene alendo amauzidwa kawirikawiri imadumpha. Mu 1437 ndi 1438, alimi osauka atagalukira eni minda, magulu atatu a ku Transylvania adapangana mgwirizano: olemekezeka a Chihangare, anthu ena olankhula Chihangare otchedwa Székely, ndi Asakisoni. Magulu atatuwa ndiwo adawerengedwa kuti ndi mitundu ya dzikolo, yokhala ndi mawu kunyumba ya malamulo. Aromaniya, amene pofika zaka za m'ma 1700 adali ochuluka kuposa mtundu wina uliwonse m'chigawocho, sadawerengedwe. Malamulo a zachipembedzo a m'zaka za m'ma 1500, kuyambira ndi la ku Torda la mu 1568, amatamandidwa chifukwa adavomereza mipingo inayi kukhala pamodzi mwamtendere pamene Ulaya yense ankaphana pa nkhani ya chikhulupiriro, ndipo kutamandako n'koyenera. Komabe mpingo wa Orthodox, umene udali wa Aromaniya, sudali pakati pa inayiyo, unkangololedwa. M'midzi ya Asakisoni, Aromaniya ankakhala kumapeto kwa mudzi, akuweta nkhosa ndi ng'ombe, akugwira maganyu m'minda ya mpesa, tchalitchi chawo chili chaching'ono ndiponso chapambali. Mfumu Joseph II ya ku Vienna, imene pa nthawiyo inkalamuliranso Transylvania, italamula mu 1781 kuti nawonso akhale ndi ufulu wofanana pa malo a Asakisoni, atsogoleri a Asakisoni adalikana lamulolo mwamphamvu, ndipo mu 1791 atsogoleri a Aromaniya adachita kulemba dandaulo kwa mfumu ku Vienna kupempha kuti mtundu wawo uwerengedwe monga ina ija.

Kuseri kwa Aromaniya, kumalire enieni a mudzi kumene msewu umasanduka matope, ndi kumene kunkakhala Aromi. Iwo ankasula zitsulo, kuumba njerwa, kuweta ziweto za ena, kuimba pamaukwati ndi kugwira ntchito zimene ena ankazinyansa. Kutsidya kwa mapiri, ku Wallachia ndi ku Moldavia, Aromi adali akapolo ogulidwa ndi kugulitsidwa mpaka mu 1855 ndi 1856. Ku Transylvania ambiri sadali akapolo motero, koma mafumu a ku Vienna, Maria Theresa ndi mwana wake Joseph II, adakhazikitsa malamulo owaletsa chilankhulo chawo, zovala zawo ndi kuyendayenda, ngakhale kuwalanda ana kuti akaleredwe m'mabanja a alimi. Popita ku Biertan tidadutsa pamudzi wa Brateiu, pamene amisiri a Chiromi, azibambo a ndevu ndi zipewa zakuda, adayala m'mbali mwa msewu miphika ndi mapoto a mkuwa osulidwa pamanja. Luso lawo ndi lakale ngati la mmisiri wa loko uja, koma mayina a makolo awo sadalembedwe pakhoma la nyumba iliyonse ya pakati pa mudzi.

Nkhaniyi imakhudzanso kalembera. Ku Romania munthu amadzitchula yekha mtundu wake, ndipo Aromi ambiri, podziwa mmene dzinalo limawatsekera zitseko pofuna ntchito kapena malo a sukulu, amalembetsa kuti ndi Aromaniya kapena Ahangare. Kalembera wa mu 2011 adawerenga Aromi pafupifupi 620,000 m'dziko lonse, pamene mabungwe ambiri amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chimaposa miliyoni imodzi. Choncho 18 uja wa ku Biertan ndimamuwerenga ngati chiwerengero cha amene adalimba mtima kudzitchula.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kadatchukitsa dzina la Biertan m'mabuku a sukulu a ku Romania. Mu 1775, m'nkhalango ina pafupi ndi mudziwu, mudapezeka kachitsulo ka mkuwa ka m'zaka za m'ma 300, kokhala ndi chizindikiro cha dzina la Khristu ndi mawu a Chilatini akuti EGO ZENOVIVS VOTVM POSVI, kutanthauza kuti ine Zenovius ndapereka chimene ndidawinda. Lero kamasungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya Brukenthal ku Sibiu. Akatswiri ambiri a mbiri a Chiromaniya amakaona ngati umboni wakuti asilikali a ufumu wa Roma atachoka m'dzikolo cha m'ma 270, Akhristu olankhula Chilatini adatsalamo, ndipo amenewo ndiwo makolo a Aromaniya, amene adalipo Ahangare ndi Asakisoni asanafike. Akatswiri ena, makamaka a Chihangare, amati kachitsuloko kadafunkhidwa kwina n'kubwera ndi ankhondo. Mkangano wa eni nthaka ndi obwera timaudziwa bwino kwathu kuno, ndipo timadziwanso kuti kawirikawiri umakhala wa minda ndi maudindo a lero. Ine sindikhulupirira kuti ufulu wa mwana wobadwira ku Biertan uyenera kudalira amene adataya kachitsulo m'nkhalango zaka 1,600 zapitazo.

Kutsika kwa Asakisoni kudayamba pang'onopang'ono. Bishopu adachoka mu 1867, boma la Hungary lidathetsa ulamuliro wawo wapadera mu 1876, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera kadawononga minda ya mpesa, moti anyamata ambiri adawoloka nyanja kukagwira ntchito m'mafakitale a ku America. Mizere ya minda ya mpesayo ikuonekabe pa zitunda zozungulira mudzi, ngati makwerero omera udzu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Aromaniya a ku Transylvania adalengeza pa 1 Disembala 1918 ku Alba Iulia kuti akuphatikizana ndi Romania, ndipo pa 8 Januwale 1919 nthumwi za Asakisoni, zitakumana ku Mediaș, zidavomereza. Amene adali kumapeto kwa mudzi adakhala eni boma. Komabe kalembera wa mu 1930 adapeza Ajeremani oposa 740,000 m'dziko lonse la Romania, ndipo midzi ngati Biertan idali idakali ndi sukulu, mpingo ndi mabungwe a anansi a Chijeremani.

Chimene chidathyola msana wa mtunduwu ndi nkhondo yachiwiri, ndipo pa nkhani imeneyi Asakisoni sadali ozunzidwa okhaokha. M'zaka za m'ma 1930 chiphunzitso cha Nazi chidalowa kwambiri pakati pawo, n'kufika polanda utsogoleri wa sukulu ndi mabungwe awo. Mu 1943 maboma a Germany ndi Romania adagwirizana kuti Ajeremani a ku Romania alowe usilikali wa Germany, ndipo amuna oposa 50,000 adalowa gulu lankhondo la chipani cha Nazi lotchedwa Waffen-SS. Mmodzi mwa akuluakulu a gululi, Artur Phleps, adabadwira ku Biertan komweko mu 1881, ndipo adatsogolera gulu la asilikali lotchedwa Prinz Eugen limene lidapha anthu wamba ambiri ku Yugoslavia. M'zaka zomwezo, mu 1942, boma la Romania lidasamutsira Aromi pafupifupi 25,000 ku Transnistria, dera limene lidalanda ku Soviet Union pa nkhondoyo, kumene masauzande ambiri adafa ndi njala, kuzizira ndi matenda. Mbiri ya mudzi ikatchula mabishopu n'kusiya Phleps imakhala yodulidwa, ndipo ikatchula Phleps n'kuiwala atsikana amene adalipira mlandu wake imakhalanso yodulidwa.

Atsikanawo adatengedwa mu Januwale 1945. Romania idali itatembenukira kumbali ya Soviet Union mu Ogasiti 1944, ndipo olamulira a Soviet adafuna antchito okamanganso dziko lawo. Amuna a Chijeremani a zaka 17 mpaka 45 ndi akazi a zaka 18 mpaka 30 adasonkhanitsidwa m'nyengo yozizira koopsa, n'kukwezedwa m'mabogi a sitima onyamulira ziweto kupita ku migodi ya malasha ya ku Donbas, ku Ukraine, ndi madera ena. Asakisoni a ku Transylvania okha adali pafupifupi 30,000, ndipo popeza amuna ambiri adali kale kunkhondo, oposa theka adali akazi. Masauzande adafera komweko, ndipo otsiriza adabwerera chakumapeto kwa 1949. Ena odwala adatumizidwa ku Germany mmalo mobwezedwa kwawo, kumene kudalinso asilikali akale amene sakadatha kubwerera, choncho mabanja ambiri adagawika pakati pa maiko awiri. Kumudzi nako, lamulo la malo la mu Malichi 1945 lidalanda Ajeremani minda, ziweto ndi zipangizo, ndipo m'nyumba zambiri mudalowetsedwa mabanja a Aromaniya ndi Aromi, eni ake n'kupanikizidwa m'chipinda chimodzi chakumbuyo. Nyumba zambiri zidabwezedwa m'zaka za m'ma 1950, koma minda idalowa m'mafamu a boma la chikomyunizimu, ndipo mlimi amene makolo ake adali mfulu kwa zaka 700 adasanduka wantchito wa tikiti pamunda wa agogo ake.

Kuyambira pamenepo mtima wa ambiri udali ku Germany, kumene kudali abale. Boma la Nicolae Ceaușescu lidaona kuti pali malonda, ndipo boma la West Germany linkalipira ndalama zake masauzande angapo pa munthu aliyense wololedwa kutuluka. Mu 1978 atsogoleri a maiko awiriwa adagwirizana kuti anthu oposa 10,000 azituluka chaka chilichonse, ndipo pofika mu 1989 Ajeremani oposa 200,000 adali atachoka mwa njira imeneyi. Banja lililonse lochoka linkafooketsa otsala, pakuti mphunzitsi akapita sukulu inkachepa mphamvu, mbusa akapita mpingo unkazilala, ndipo bungwe la anansi linkasowa amuna okwanira kunyamula bokosi la maliro. Ceaușescu ataphedwa mu Disembala 1989 malire adatseguka, ndipo m'chaka cha 1990 chokha Ajeremani oposa 100,000 adachoka ku Romania. Kalembera wa mu 1992 adapeza otsala pafupifupi 119,000, wa mu 2011 adapeza 36,000, ndipo wa mu 2021 adapeza osakwana 23,000. Mtundu umene udapirira Amongoli, asilikali a Ottoman ndi miliri udatha m'midzi yake m'miyezi yowerengeka, popanda mfuti kulira.

Ochokawo sadaiwale kwawo. Ambiri amabwera m'nyengo yotentha kudzatsegula nyumba za makolo, kupaka utoto ndi kulambula manda, ndipo alipo ndi dzina lawo lakuti Sommersachsen, Asakisoni a m'chilimwe. Amandikumbutsa matchona athu a ku Harare ndi ku Johannesburg amene amafika ndi galimoto pa Khirisimasi, ana awo akulankhula chinenero cha kwina. Kuyambira mu 1991 Asakisoni amakhala ndi msonkhano wa chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zambiri unkachitikira ku Biertan, anthu atavala zovala za makolo, gulu la malipenga likuimba pabwalo la msika. Mu 1993 bungwe la UNESCO lidaika tchalitchichi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo midzi ina isanu ndi umodzi idawonjezedwa mu 1999. Dzina la Asakisoni lakwera kwambiri ku Romania tsopano pamene eni ake atha, moti mmodzi wa iwo, Klaus Iohannis, amene adali meya wa Sibiu, adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu 2014 ndi mavoti a Aromaniya.

Kusamalira tchalitchi ndi kulemekeza amene adachimanga ndikuvomereza ndi mtima wonse, ndipo chisoni cha nkhalamba imene idatsala yokha mumsewu umene kale udali wa abale ake ndimachimva. Chimene chimandivuta n'chakuti mlendo angathe kufika ku Biertan, kukwera makwerero, kuona loko ndi kachipinda ka mabanja, kugula kabuku, n'kubwerera osamva mawu ndi amodzi omwe okhudza anthu 9 mwa 10 aliwonse amene akukhala m'mudzimo. Amafotokozedwa ngati alonda a nyumba za eni, kapena ngati chizindikiro chakuti mudzi udagwa. Koma makolo a ambiri mwa iwo adalima mpesa womwewo, adaumba njerwa za zipata zomwezo, ndipo adaweta ng'ombe zimene zinkalowa m'makola a Asakisoni. Adali m'mudzimo nthawi yaitali, kungoti mabuku a mudzi ankalembedwa m'kati mwa linga. Mayi wina amene ankagulitsa jamu ndi masokosi oluka pamanja m'munsi mwa makwerero adatiuza, kudzera mwa mnzanga uja, kuti agogo ake ankagwira ntchito pakhomo pa banja lina la Chisakisoni ndipo ankalankhula chilankhulo chawo bwinobwino, ndi kuti maphikidwe ena amene iye amatsata adachokera kukhitchini imeneyo. Zoterezi sizipezeka pa mndandanda wa kalembera, umene umaika mtundu uliwonse m'bokosi lakelake.

Ndipo kuchoka sikudathe. Romania italowa mu European Union mu 2007, achinyamata a Chiromaniya ndi a Chiromi a m'midzi ngati imeneyi adayamba nawonso kupita ku Germany, Austria, Italy ndi Spain kukathyola zipatso, kusamalira okalamba ndi kugwira ntchito za zomangamanga, ana n'kutsala ndi agogo. Mbali inayi, anthu a m'mizinda ya Romania ndi ochokera ku maiko ngati Netherlands agula nyumba zakale, makamaka ku Richiș ndi ku Copșa Mare, n'kuzikonza kukhala malo ogona alendo. Mitengo ya nyumba za pakati pa mudzi ikakwera chotero, banja losauka la kumapeto kwa mudzi limakhalabe kumapeto komweko, ngakhale kuti bungwe la anansi loliletsa kulibenso.

Dzuwa litapendeka tidapita kumanda a Asakisoni. Miyala yake ili ndi maina omwe aja a pamakoma a nyumba, mabanja omwewo mibadwo ingapo, ndipo pamiyala ina padalembedwa dzina la munthu amene adafera ku Russia, thupi lake losabwerera. Manda ambiri adawaphimba ndi simenti kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Mnzanga adandifotokozera kuti mabanja ankachita zimenezi masiku omaliza asanakwere sitima, podziwa kuti sipadzakhala wozula udzu kapena wothirira maluwa. Pakati pa manda a simentiwo padali ena ochepa a dothi lofewa, obzalidwa maluwa ofiira. Mayi wina wachikulire wovala mpango adali atawerama pa amodzi mwa iwo ndi kakhasu ndi chitini cha madzi. Tidamupatsa moni, iye adayankha m'Chiromaniya, ndipo adatiuza kuti manda amenewo ndi a anansi ake akale, kuti ana awo ali ku Bavaria ndipo amamuimbira foni nthawi ndi nthawi. Atatha kuthirira adatola chitini chake n'kutsika nafe kumudzi, pamene ng'ombe zinkabwera kuchokera kubusa, iliyonse ikuima pachipata cha kwawo kudikira kuti aitsegulire.